Chifalansa cha Kuphazi

Make Kachiwala ankasoka wopanda nsapato. Atelala onse a pakhonde pamene ankasokera ankatero. Ukafika m'mawa umavula nsapato, n'kuzikankhira kuseri kwa mwendo wa makina, kenako phazi n'kuliika pa chopondera chachitsulo, zala kutsogolo, chidendene kumbuyo. Wosoka atavala nsapato ndi wophunzira kumene, samva makina akamadandaula.

Chaka chimenecho makina ake ankasoka nsalu ndi Chifalansa nthawi imodzi. Phazi likatsikira kuzala, "je ve." Likabwerera kuchidendene, "tu va." Kuzala, "ili va." Kuchidendene, "nu zalo." Mawuwo ankawalemba pathabwa la makina ndi choko cholembera nsalu, monga mmene khutu lake linkawamvera, ndipo pofika nthawi yoti afufutike ndi chigongono amakhala atalowa kale m'mwendo.

"Alamu, mwayambanso mapemphero anu aja?" ankafunsa mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, amene ankasita zovala patebulo la pambali.

"Si mapemphero. Akutanthauza kuti ndikupita, ukupita, akupita, tikupita."

"Ee, aliyense akupita, inu muli pompano."

Make Kachiwala sankakwiya ndipo sankaseka. Ankangodula ulusi ndi mano, n'kutembenuza nsalu.

Mwamuna wake, wowotcherera zitsulo, anapeza ntchito kutsidya la nyanja, kudziko lolankhula Chifalansa. Mwana wawo wamkazi anabadwa ndi mwendo umodzi waufupi, ankayenda modumphadumpha, n'chifukwa chake ankamutchula Kachiwala. Kumeneko kunali madokotala otha kuwongola mwendo wotere, choncho bambo anabwera kudzamutenga. Mwana safunsidwa mayeso pa chipata. Wamkulu ndiye amayenera kukhala pamaso pa woyesa n'kulankhula chilankhulo chawo, asanamulole kutsatira banja lake. Make Kachiwala anatsala kuti aphunzire, akuganiza kuti ndi nkhani ya nyengo imodzi.

Poyamba ankalira, mpaka makasitomala ankaopa kumufunsa za zovala zawo. Kenako misozi inangouma yokha, iye osadziwa kuti yauma liti. Mtima wake unakhala ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali: ukuuona kuti ulipo, koma ukautsina sukumva kanthu. Ankadya, ankasamba, ankasoka, ankayankha moni.

Madzulo dzuwa lisanalowe ankapita kwa aphunzitsi ena opuma ntchito, amene ankaphunzitsira m'kachipinda ka kuseri kwa okonza njinga. Munkanunkha girizi ndi mphira. Bolodi linali chitseko chakale chopaka utoto wakuda, chogwirira chake chidakali pompo, ndipo aphunzitsiwo ankakolekapo chipewa. Anali munthu wofatsa, wa mano ochepa, koma Chifalansa chawo chinali ndi njira imodzi yokha: chinkadutsira m'Chingerezi. Ukafuna kunena kanthu, uyambe wakaika m'Chingerezi, kenako uwolokere kutsidya. Make Kachiwala anasiya sukulu sekondale isanathe, ndipo Chingerezi chimene chinamutsalira chinali cha mtundu womwewo, choimba: go, wenti, goni. Mlatho woyambawo unali wogwedera kale, wachiwiri n'kumamangidwa pamwamba pake.

"Mneni aliyense ndi mudzi wa nyumba zisanu ndi imodzi," ankatero aphunzitsi. "Ine, iwe, iye, ife, inu, iwo. Ndipo mudziwo uli ndi wa dzulo, wa lero ndi wa mawa. Tiyeni tonse pamodzi!"

Ankaimba onse, alonda, anamwino, mnyamata wina wofuna kukasewera mpira, mpaka okonza njinga ankawayankha ndi sipanala kunja.

Tsiku lina aphunzitsi anamuloza ndi choko. "Mayi, tandiuzeni. Dzulo ife tinapita."

Make Kachiwala anasolola phazi m'patapata, n'kuliika pa simenti. "Wi wenti," anatero, kenako phazi linayamba kugwedera. "Je swizale, tu ezale, ile tale, nu somuzale."

"Mwakhoza. Koma mayi inu, mukafuna kukapempha moto nyumba yachinayi, mumayamba mwaodira makomo onse a kutsogoloku? Podzafika, moto utazima."

Anthu anaseka. Iye anangoti, "Ndikalumpha ndimasochera, aphunzitsi."

"Chabwino, muziodira, koma chamumtima. Woyesa asamve."

Anawapempha kuti amuphunzitse mneni wa ntchito yake, kusoka. Aphunzitsi anagwira m'mutu. "Ameneyo musamuyambe dala. Ndi wamakani, nyumba iliyonse wavala zina. Tengani kuyeza. Amati mezure. Ameneyo ndi mwana wabwino, amatsata anzake." Make Kachiwala anamutenga, namusoka m'mipendero ya mayunifomu a sukulu sabata yonse.

Lamlungu masana ankaimbirana foni yoonana nkhope. Ankakhala pabedi, foni ataitsamiritsa kubotolo la mafuta odzola. Kachiwala ankaoneka kachidutswa: chipumi, diso limodzi, nthawi zina denga lokha. Mwendo unawongoka, tsopano ankathamanga, ankatero bambo ake, ngakhale mayiyo anali asanamuonepo akuthamanga.

"Muli bwanji, amayi?"

"Ndili bwino, mwanawe. Wadya?"

"Ee." Apa Chichewa cha mwanayo chinkathera. Ankatembenukira kwa bambo ake n'kuyamba kulankhula mofulumira, mawu otuluka m'mphuno, akuseka, akuloza china chake chimene mayiyo sankachiona. Make Kachiwala ankatchera khutu kufuna kugwirapo mneni mmodzi womudziwa, koma aneni a m'kamwa mwa mwana sankayenda pamzere.

"Akuti chiyani?"

"Aa, za kusukulu basi. Akuti mnzake wagula kagalu."

"Bambo ake, tamuyezeniko. Ndili ndi kansalu kabwino kuno."

Bamboyo ankatenga tepi yawo yachitsulo, yoyezera mapaipi, n'kumuzunguliza nayo mwana akuvinyuka ndi kuseka. Manambala amene ankatchula ukawatsatira ukanasoka chovala cha mgolo. Make Kachiwala ankasoka mongoyerekeza, ndipo madiresi amene anatumiza ankabwera pa chithunzi manja atathera pachigongono, kapena mapewa akulendewera. Anasiya kutumiza koma sanasiye kusoka. Ankawapinda n'kuwaika m'katoni pansi pa bedi. Telala wodziwa chiuno cha mayi aliyense wa mumsewu umenewo sankadziwa mapewa a mwana wake.

Mayeso anali atawalephera kale kamodzi. Anapita atavala nsapato zake zomanga ndi zingwe, anakhala pampando, anafunsidwa, ndipo m'kamwa simunatuluke kanthu. Sanadziwe chifukwa. Anabwerako n'kumaliza siketi ya munthu.

Lamlungu lina mwana atachoka pafoni, bamboyo anasendera pafupi, nkhope n'kudzaza galasi lonse.

"Make mwana, ndinapita ku ofesi kuja. Akuti chilolezo choitanira mkazi chikutha chaka chino. Mukalepheranso ulendo uno, atseka. Kudzayambanso pachiyambi, mwanayu atakula."

"Ndamva."

"Mwamva basi? Simukunenapo kanthu?"

"Ndinene chiyani, bambo ake? Ndamva."

Anadikira kuti mwina mantha abwera, monga munthu amadikira basi. Sanabwere. Anazima foni n'kukaanula zovala.

Mlamu wake anali ndi maganizo akeake pa za kulephera kuja, ndipo anawanena m'mawa wa tsiku la mayeso, ataima pakhomo ndi jumbo m'manja.

"Alamu, anthu aja sayesa pakamwa pokha. Amayamba ayang'ana kuphazi. Ulendo watha munapita ngati mukukayezetsa magazi. Ndani angapatse chilolezo munthu wovala nsapato za ana a sukulu?"

M'jumbomo munali nsapato za gogoda, zakuda, zonyezimira, zosongoka kutsogolo.

"Zindithina izi."

"Kukongola kumathina. Achimwene anga akukudikirani, inu mukuopa nsapato? Tabweretsani phazilo."

Anagwada, napaka sopo kuchidendene, nakankha mpaka phazi linalowa. Make Kachiwala anaimirira, nadzimva wamtali ngati munthu wina. Kukana kunkafuna mphamvu, ndipo analibe.

"Mwaona? Chifalansa chayamba kale kumveka. Mukayende mogogoda, adziwe kuti kwabwera munthu."

Nyumba ya mayeso inali pakati pa tauni, pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Anakwera masitepe atagwira khoma. M'kanjira ka m'katimo munali benchi lalitali, anthu atakhala mondondozana, aliyense milomo ikugwedera. Zala zake za kuphazi zinawawa m'basi, zinawawa pamasitepe, kenako pabenchipo zinasiya. Zinachita dzanzi. Anayamika.

Atamuitana analowa m'chipinda chaching'ono chozizira. Munali tebulo, mipando iwiri, tambula ya madzi, ndi kachipangizo kojambulira mawu kokhala ndi kanyali kofiira. Woyesa anali mayi wachikulire wa imvi zometa, magalasi atawamangirira kachingwe m'khosi. Batani lachiwiri la jekete yawo linali pafupi kuthothoka. Anafotokoza malamulo m'Chingerezi, pang'onopang'ono, kenako anadina kachipangizo kaja, nasintha chilankhulo.

Moni anayankha. Dzina ananena. Zimenezo zinkakhala pamlomo, sizinkafuna kukatengedwa kutali.

Kenako woyesa anafunsa funso, ndipo Make Kachiwala analimva. Linawoloka mlatho woyamba, linawoloka wachiwiri, linafika: dzulo munachita chiyani? Yankho analidziwa. Anatsegula pakamwa.

Zinali ngati makina amene bobini yake yatha ulusi. Singano ikukwera n'kutsika, nsalu ikuyenda, koma ukainyamula palibe msoko. Anafufuza nyumba yoyamba ya mudzi wa dzulo, osaipeza. Mudzi wonse unali utasamuka.

Woyesa anabwereza funso lija mofatsa. Kanyali kofiira kankangoyaka. Make Kachiwala anakayang'ana, osamva mantha kapena manyazi. Anakumbukira kuti makatani a mayi wina wa kusaluni anali asanawaike mphete. Anaganiza kuti akachoka pano msanga akhoza kuwamaliza lero lomwe. Zinali zosavuta: kukhala chete pang'ono, kuthokoza, kutsika masitepe. Lamlungu n'kudzanena kuti, ndalephera, bambo ake.

Ali chikhalire choncho anaona tambula ya madzi ikunjenjemera. Bondo lake linali kugunda mwendo wa tebulo. Anayang'ana pansi. Phazi lake lamanja linkayesa kutsikira kuzala n'kubwerera kuchidendene, koma chidendene chinali m'mwamba, chitakhomeredwa pa kamtengo ka nsapato, ndipo mwendo wonse unkangogwedezeka ngati mbuzi yomangidwa chingwe chachifupi.

Anayang'ana phazilo kanthawi. Anakumbukira nsapato zomanga ndi zingwe za ulendo watha. Anakumbukira patapata amene ankamuvula kwa aphunzitsi osaganizako n'komwe.

Sikuti mtima unamuuza kanthu. Mtima unali zii ngati kale. Koma iye anali atakhala patebulo, ntchito ili patsogolo pake, ndipo telala akakhala patebulo ntchito ili patsogolo amavula nsapato. Anawerama.

Nsapatozo zinakana. Sopo uja anali atauma. Anakoka ndi manja awiri, mutu n'kugunda kunsi kwa tebulo, madzi n'kutayikira pang'ono. Woyesa anafunsa m'Chingerezi ngati ali bwino.

"Yesi, madamu," anayankha ali pansi pomwepo.

Inavuka imodzi, inavuka inzake. Anazikankhira kuseri kwa mwendo wa tebulo, nawongoka, naika mapazi pa matailosi. Kuzizira kwake sanakumve, mapazi anali ngati a munthu wina. Koma kakolo ankadziwa ntchito yake. Zala pansi.

"Je travaye," anatero. Ndinagwira ntchito. Chidendene pansi. Ananena kuti anayeza kasitomala, anadya, anapita kunyumba. Mawu ankabwera limodzilimodzi, lililonse ndi kupondapo kwake, opanda mchere, koma ankabwera.

Woyesa anafunsa za iye ndi anzake a kuntchito, zimene amachita masana. Imeneyo inali nyumba yachinayi. Make Kachiwala anayamba kuodira: ine, iwe, iye. Anayesa kuchita chamumtima monga anamulangizira aphunzitsi, koma milomo inkagwedera, ndipo kaphokoso ka phazi pa matailosi kankamveka m'chipinda chonse, phwa, phwa, phwa. Pachinayi anakweza mawu nayankha.

Mayi woyesayo anavala magalasi, napendeka, nasuzumira pansi pa tebulo. Anaona nsapato zonyezimira zitagona chammbali, ndi mapazi awiri otuwa, limodzi likupalasa makina amene panalibe. Anawongoka, nafunsa kuti amagwira ntchito yanji.

"Kutuliyele," anayankha. Telala.

Kuchokera pamenepo, woyesa akafunsa funso ankaika cholembera pansi n'kudikira mpaka phazi lifike kumene likupita. Pena linkafika nyumba yolakwika. Pena Make Kachiwala ankatenga mneni wa dzulo n'kumuika pa lero, ndipo woyesa ankatola cholembera n'kulemba kanthu. Kamodzi m'kamwa munatuluka "wenti," iye n'kumubweza yekha.

Funso lomaliza linali limene aphunzitsi anawakonzekeretsa onse: mukakafika kumeneko mukachita chiyani? Panali yankho lake lalitali, lokongola, lonena za kufuna ntchito ndi kulemekeza malamulo a dziko. Kalasi yonse inkaliimba. Koma limenelo Make Kachiwala sanalisokepo pa makina, linali lalitali kwambiri moti silinkakwana pa chopondera. Analifufuza, osalipeza. Phazi linatsika lokha, ndipo amene anabwera anali mneni wofatsa uja, wotsata anzake.

"Je ve mezure ma fiye." Ndikamuyeza mwana wanga.

"Mezure?" Woyesa anakweza nsidze, poganiza kuti wasokoneza mawu. Anapinda manja pachifuwa ngati akukumbatira munthu, namuyang'ana momufunsa ngati akutanthauza zimenezo.

Make Kachiwala anapukusa mutu. Anatambasula manja m'mwamba mwa tebulo, zala zitatsina tepi yosaoneka. Phewa mpaka phewa. Kuzungulira chifuwa. Phewa mpaka padzanja. Kenako kuchokera pakhosi kutsika, ndipo apa dzanja linaima m'malere, chifukwa sankadziwa pothera. Ndi mawu ochepa amene anali nawo ananena kuti madiresi ndi aafupi. Ananenanso kachiwiri, poopa kuti sanamveke. Madiresi onse ndi aafupi.

Woyesa anayang'ana dzanja lija kanthawi, kenako anadina kachipangizo, kanyali n'kuzima. Anamuuza m'Chingerezi kuti akadikire pabenchi.

Anadikira nsapato zili pamiyendo. Ena ankatuluka akulira, ena akuimba foni. Dzuwa litapendeka, bambo wina wa pawindo la ofesi anamuitana, namuuza kuti wakhoza. Anati wadutsa mopapatiza, kukanangochepa pang'ono akanatsala, koma wadutsa.

"Zikomo," anatero Make Kachiwala, monga amanenera kasitomala akabweza pini.

Nsapato zinakana kulowanso, mapazi anali atatupa. Anatsika masitepe wopanda nsapato, nayenda mpaka pokwerera basi anthu akumuyang'ana, mayi wovala bwino atanyamula gogoda m'manja.

Mlamu wake anamuonera patali, simbi n'kuiika pansi.

"Mayo ine. Alamu, mwalepheranso? Mpaka kuvula nsapato ngati mukuchokera kumaliro?"

"Ndakhoza."

"Mwati?"

"Ndakhoza. Akuti pang'onong'ono."

Mlamuyo anakuwa mpaka makina onse a pakhonde anaima. Anamulanda nsapato zija n'kuzikweza m'mwamba, akuvina nazo pakati pa matebulo. "Ndinanena ine! Sindinanene? Chaka chonse kung'ung'udza ngati njuchi, zinthu n'kudzatheka ndi nsapato zanga! Achimwene andigulire zina, amve!" Atelala anzake anamuzungulira, wina kumugwira dzanja, wina kumufunsa ngati makinawo awasiyira ndani.

Make Kachiwala sanatsutse za nsapatozo. Anakhala pampando wake, natenga makatani a mayi wa kusaluni, nayamba kuika mphete. Anaika zingapo. Kenako anavula tepi imene inkakhala m'khosi mwake, yofufutika manambala a koyambirira, naikulunga bwinobwino pa zala ziwiri, naiika m'kathumba ka m'kati mwa chikwama, natseka zipi.

"Nanga muyezera chiyani mawa?" anafunsa mlamu wake.

"Mundibwereke yanu."

Ndi pamene mapazi anayamba kudzuka. Chinayamba ngati nyerere pansi pa zala, kenako ngati singano zambirimbiri, kenako moto weniweni pamene nsapato zinasupula khungu. Dzanzi likamatha silichoka mwaulemu. Anagwira m'mphepete mwa thabwa la makina, naluma mlomo. Ululuwo unakwera m'akakolo, m'mawondo, ndipo sunaime pamenepo.

"Alamu, mukulira?"

"Ndi nsapato zanuzi."

Silinali Lamlungu, koma anatulutsa foni. Anawerama n'kuchotsa lamba pa gudumu la makina kuti singano isasokose, naika phazi lotupalo pa chopondera, zala kutsogolo, chidendene kumbuyo. Foni inaitana kanthawi. Amene anayankha sanali bambo.

"Alo?" anatero Kachiwala, chipumi chokha chikuoneka, ndipo anawonjezera mawu ena ofulumira, otuluka m'mphuno.

Make Kachiwala anapukuta m'maso ndi kansalu kotsala pa makatani, napondereza zala pansi.